Firmino ndi Mfuti ya Mtengo

Firmino adalowa m'bwalo la sukulu ya ku Zóbuè atakolekera mfuti ya mtengo paphewa, ndipo ana adayamba kuseka iye asanatsegule n'komwe pakamwa. Lidali Loweruka masana, chaka chachitatu chibwerereni mtendere. Anthu adadzaza mpaka pansi pa mitengo ya bulugamu kudzaona sewero limene adalemba pulofesolo Sidónio, mphunzitsi wa pasukulupo, lonena za banja lomwe nkhondo idalibalalitsa. Firmino, wokonza njinga wa pamsika, ndiye adapatsidwa mbali ya munthu wa mfuti, amene m'seweromo adalibe ngakhale dzina.

Pulofesolo adamuphunzitsa kuti azikuwa, azituzula maso, azipondetsa chidendene pansi. Pokonzekera ankachitadi choncho. Koma tsikuli, ataona mkulu amene ankasewera ngati tate wa banjalo atagwada pafumbi, mawu okuwa aja adakana kutuluka. Adakhala pa mtondo, nagoneka mfuti pamiyendo.

"Dzukani bambo, mungadetse thalauza," adatero motsitsa mawu. "Amayi, tigawireniko madzi akumwa. Tayenda mtunda wautali."

Adamwa mosafulumira, napukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Zikomo kwambiri. Tsono bambowa atiperekeze pang'ono, angotionetsa njira. Abwerera dzuwa lisanalowe."

Phwete lija lidazima ngati moto wothiridwa madzi. Mayi wina adanyamula mwana wake n'kuthawira kuseri kwa kalasi. Sewero litatha panalibe woomba m'manja, anthu adangobalalika mwakachetechete ngati akuchokera kumanda.

Wokondwa adali pulofesolo yekha. "Ine ndidalemba chilombo, iwe wabweretsa munthu!" adatero akumugwedeza mapewa. "Choipa chenicheni chilibe nyanga, mbale wanga. Loweruka likubwerali ku Moatize ukachite chimodzimodzi."

Koma pamsika nkhani idayenda njira ina. Pansi pa mtengo pomwe amuna ankasewera bawo, pafupi ndi pomwe Firmino ankamata machubu, sewerolo lidasanduka mlandu.

"Ine ndaonera mafilimu ku Tete," adatero Raúl wogulitsa mchere. "Woipa umamudziwa akangotulukira: chipsera, ndevu, fodya pakamwa. Uyu wathuyu ulemu wake ngati katekisiti. Walakwitsa sewero."

"Walakwitsa chiyani, iwe wobadwira m'tauni?" adamuyankha mnzake. "Ndi momwemo ankalankhulira. Funso ndi lakuti, iyeyo wadziwa bwanji?"

"Amati adali nafe ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi," adatero wina.

"Adafika mochedwa, ali yekha. Ndani adaoloka naye malire?"

Ankalankhula motsitsa koma mosabisa. Pofika Lachiwiri njinga zidayamba kupitirira, eni ake akuzikankha mpaka kwa wokonza wa kumunsi.

Firmino sadagwirepo mfuti yeniyeni moyo wake wonse. Mawu aja adawamva ali chigonere pansi pa nkhokwe kwawo ku Kambulatsitsi, nkhope ili m'zitosi za nkhuku, akuona mapazi okhaokha. Amene adaperekeza alendo tsiku limenelo adali bambo ake, ndipo dzuwa lidalowa iwo asadabwerere. Nkhaniyi sankaikamba. Komanso padali china chimene sakadatha kuuza munthu aliyense. Zaka zonsezi, kaya akudya, kaya akukhoma sipoko, ankadzimva kuti akadali pansi pa nkhokwe paja. Loweruka lija, atakhala pa mtondo anthu onse ali zii, adapuma mpweya wodzaza chifuwa kwa nthawi yoyamba. Zimenezi zinkamuopsa kuposa miseche ya pabawo.

Lachitatu adaitanidwa ndi a Sebastião, malume a Ivânia, mtsikana amene ankayembekeza kumukwatira akakolola. A Sebastião ndiwo adali mwini mbumba, ndipo popanda mawu awo ukwati sukadatheka. Adawapeza pakhonde akusola nandolo, Ivânia akuwathandiza.

"Pita ukatunge madzi, mwana iwe," adatero mkuluyo. Adadikira mpaka mtsikanayo atazimirira kuseri kwa nthochi. "Iwe ndi ine tidalowa kudambwe, choncho ndilankhula mosapsatira. Chilombo chikatuluka pabwalo chimathamangitsa anthu, chimatukwana, ngakhale mfumu chimaichita chipongwe. Mawa lake ndani amaimbidwa mlandu?"

"Palibe, amalume."

"Palibe, chifukwa nkhope idaphimbidwa. Gule akatha, chilombo chimabwerera kwawo, munthu n'kupita kumunda. Makolo sadali opusa. Tsono gule wa aphunzitsiyu ngotani, wovina ndi nkhope yakoyako? Udzaivulira kuti?"

Firmino adaweramitsa mutu. Kenaka, mawu akudukaduka, adafotokoza za nkhokwe, za mapazi, ndi za bambo ake. A Sebastião adamvetsera, manja ali phee mu lichero.

"Pepa, mwana wanga. Ndakumva, ndipo sindikuti ukunama. Nafenso tidawaona anthu amenewo. Mlamu wanga, bambo wake wa Ivânia, adapita m'njira yomweyo. Koma tandifunsa ndiwatsanzire, lilime langa likana. Iwe lako lidavomera, ndipo maso ako ndidawaona, sadali a munthu wovutika. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mwana wa mlongo wanga ndimupereke kwa uti mwa awirinu, iwe kapena wa mfuti uja?"

"Ndisiya sewerolo, amalume."

"Ukasiya lero, pamsika anena kuti wachita manyazi chifukwa zako zaululika. Ayi. Ku Moatize upite, ifenso tikwera nawo, tikagulitse nandoloyu. Ukavine mopusa. Ukakuwe, ukagwe, anthu akaseke mpaka nthiti kuwawa, onse aone kuti ndi masewera chabe. Ukatero, ankhoswe ako abwere sabata yamawa."

Pobwerera Firmino adayenda ngati wasenza mwala wamphero. Khoswe adali atakhala pa mkhate: kumuponya mwala kuswa mkhate, kumuleka kumwa madzi onunkha.

Loweruka adakwera lole ya masaka a chimanga, natsika mapiri a Zóbuè kulowa m'chigwa chotentha. Ku Moatize ngakhale masamba a mitengo adali akuda ndi fumbi la malasha. Bwalo lidakonzedwa pafupi ndi njanji yomwe idamera udzu chifukwa sitima idali isadayambenso kuyenda. Kudadza mabanja a anthu a m'migodi, ena olankhula Chinyungwe, ena Chinyanja, ana atakwera pa mabogi a sitima a dzimbiri. A Sebastião adakhala kutsogolo pa thumba lawo la nandolo, Ivânia pambali pawo.

Nthawi yake itakwana, Firmino adalumphira m'bwalo akukuwa. Adatuzula maso, nagwira mfuti chozondotsa, nadzikhumudwitsa pa mtondo n'kugwa chagada miyendo m'mwamba. Bwalo lonse lidaphulika. Ana a pa mabogi adaimba likhweru. A Sebastião adagwedeza mutu mokhutira, ndipo Ivânia adabisa kuseka m'dzanja. Pulofesolo Sidónio yekha adagwira m'chiuno, kukamwa kuli yasa.

Kenaka mkulu wosewera tate uja adagwada. Poona kuti anthu akukondwa, nayenso adayamba kuwonjeza zake: adanjenjemeretsa matako, nalira ngati mbuzi, nakwawa kubisala kuseri kwa mkazi wake. Anthu adagubuduka ndi phwete.

"Mdala wanyowetsa thalauza!" adakuwa mnyamata wina.

Firmino adaima mfuti ili m'manja. Bambo ake sadalire ngati mbuzi. Adadzuka, nasasa fumbi m'maondo, nauza amayi kuti mbuzi azitsekere msanga chifukwa kukubwera mvula. Adanena dala mokweza, akuyang'ana kumbali ina, kutali ndi nkhokwe. Tsopano khamu lonseli linkaseka munthu ameneyo, ndipo amene adayambitsa kusekako adali mwana wake.

Adayang'ana kwa Ivânia. Adali atavala duku latsopano, nkhope ikuwala ndi thukuta ndi chimwemwe. Padangotsala pang'ono: kukuwa kamodzi, kugwa kamodzi, ndiye kuti ankhoswe anyamuka sabata yamawa.

Adaimika mtondo uja, nakhalapo.

"Dzukani bambo," adatero, mawu ali pansipansi. "Munthu wamkulu sakwawa pamaso pa ana ake. Dzukani, musase fumbi."

Mkulu uja adamuyang'ana modabwa, kenaka adadzuka pang'onopang'ono, naima mowongoka. Kuseka kudayamba kuzilala kuchokera kutsogolo, mzere ndi mzere, mpaka kudafika kwa ana a pa mabogi. Firmino adapempha madzi, nathokoza, nanena za kuperekeza. Pamene ankatuluka m'bwalo, mkulu uja ali patsogolo, adaona a Sebastião akusenza thumba lawo. Ivânia adatsalira pang'ono, manja ali pachifuwa, kenaka adawatsatira.

Mayi wina adadza kudzamugwira dzanja. Pulofesolo adalankhula zambiri zokhudza choonadi ndi kulimba mtima, koma Firmino sadamve ndi limodzi lomwe.

Lolemba m'mawa Ivânia adafika pamsika pa Zóbuè atanyamula kamtolo. Adagwada chapatali monga mwa ulemu, nakaika pa benchi. Idali kapulana, nsalu ya chitenje yofiira ya maluwa oyera, chikole chimene Firmino adapereka nthawi ya mvula, yopindidwa bwino, isadalowe n'komwe m'madzi.

"Amalume akutuma?" adafunsa Firmino.

"Amafuna kutuma munthu wina. Ndati ndipita ndekha." Adayang'ana pansi, chala chikulemba pafumbi. "Andiuza za bambo anu. Pepani, a Firmino. Ine sindikukuyesani wakupha, olo pang'ono. Dzana lija mudachita bwino kumudzutsa mdala uja."

"Nanga tsono?"

"Tsono m'nyumba mwathu mudzafika kuchokera kuntchito mutatopa, mudzati, 'Mayi, tandigawireko madzi akumwa.' Mudzanena mwaulemu, monga mmene mumanenera nthawi zonse. Ine chikho chidzandigwa m'manja. Tsiku ndi tsiku, mpaka kukalamba." Adapukuta m'maso ndi nsonga ya duku. "Ndayesa kuwachotsa m'makutu mawu amenewo. Akana."

Firmino adafuna kunena kuti adzakhala chete, kuti madzi adzatunga yekha, kuti adzaphunzira kulankhula mwaukali ngati amuna ena. Koma lililonse mwa mawuwo likadatuluka ndi liwu lomwelo, ndipo iye adalibe lina.

"Pita bwino, Ivânia," adatero.

Mtsikanayo adadzidzimuka pang'ono, nadzuka, nalowa pakati pa ogulitsa tomato.

Pabawo padali zii, njere zili m'manja. Firmino adakankhira kapulana ija pansi pa benchi, natola chubu cha njinga yokhayo imene idabwera m'mawawo. Adachipopa, nachimiza m'beseni, n'kumachitembenuza pang'onopang'ono. Kwa maso chinkaoneka chabwinobwino. Koma penapake pansi pa madziwo timathovu tinkakwera, kamodzikamodzi, osaleka.