Hutala ya pa Thanki ya Madzi

Ine, mundimve bwino, palibe chinthu chimene ndinachisakapo n'kubwerera chimanjamanja. Ndinayamba ndi wilibala yobwereka, lero ndili ndi mathiraki asanu, ndipo ndaponda maiko khumi ndi anayi, ena otentha moti phula limamatirira kunsapato, ena ozizira moti injini imakana kudzuka. Ndinapezapo giyabokosi m'tauni imene inalibe ngakhale galaja. Ndinapezapo dalaivala wanga amene anathawa ndi katundu, ali kometetsa, mutu utangometedwa mbali imodzi. Ndiye mukamva kuti kanthu kakang'ono ngati nyemba, kamiyendo itatu, kananditulutsa thukuta masiku atatu, musafulumire kuseka.

Lachisanu lina ndinafika kunyumba ndi mphatso ya mwana wanga wamkazi wotsiriza, amene tonse timangomuitana kuti Mzime. Ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo manja ake samva kukhala: ayironi ya mayi ake anaimasulapo kawiri. Ndinamugulira bokosi la ana lophunzirira zamagetsi pamsika wina wakudoko, kutali uko. Wogulitsayo atatchula mtengo ndinaseka, ndinachoka, ndinabwerera, ndinachokanso, mpaka anavomera theka nkhope ili gwaa.

"Tsegula, mwanawe!" ndinatero pabalaza, onse akuona. "Muli zinthu mazana awiri zoti upange m'menemo. Wailesi, belu, tinyali tothwanima, zonse!"

Anatsegula. Munali kathabwa koyera ka zibowozibowo kolowetsapo tizipangizo, mtolo wa mawaya, ndi kachoikamo batire. Basi. Malo amene pamayenera kukhala thumba la tizipangizo panali pululu. Buku lake linali la zilembo zopotanapotana, zoti ngakhale ine wa maiko khumi ndi anayi sindinadziwe kuti kumwamba ndi kuti. Mkulu wakudoko uja anandipatsa theka la mtengo ndi theka la bokosi.

"Zikomo, adadi," anatero Mzime mwaulemu. Anatseka bokosilo n'kupita nalo kuchipinda.

Akazi anga anandikokera kukhitchini.

"Bambo ake Mzime, munasuzumirapo kunsi kwa bedi lake?"

"Kuli chiyani?"

"Kuli maiko anu onse aja. Nsapato zothina, wotchi yosayenda, chidole chimene munamugulira ali wamkulu kale. Kale ankati akamva kulira kwa thiraki amathamangira kugeti osavala nsapato. Lero mwamuona kugeti?"

Sindinamuone. Ndipo Lolemba ndinali kunyamukanso ulendo wa masabata asanu ndi limodzi. Ndinalumbira pomwepo, dzanja lili pafiriji, kuti bokosilo likhala litatuluka kunsi kwa bedi ndipo likugwira ntchito ndisanalize injini.

Loweruka m'mawa ndinamutenga Mzime, bokosi m'khwapa, ulendo wa m'tauni. Kusitolo yaikulu ya zamagetsi anafuna kutigulitsa firiji. Anyamata okonza mafoni anationetsa tizipangizo tochepa ngati mchenga, toti sitingalowe m'zibowo zathu. Mzime ankangoyang'ana pansi. Koma ine ndili ndi lamulo langa m'tauni iliyonse: ukasowa chinthu usafunse wovala taye, funsa womata matayala. Iyeyo amakhala pamphambano tsiku lonse, aliyense amadutsa pomwepo.

"Kuseri kwa depoti ya mabasi, bwana," anatero womata matayala osadzutsa mutu. "Mukafunse Mayi Mawaya. Koma chikwamacho musakachitulutse."

Kashopu kake kanali kochepa kuposa kutsogolo kwa thiraki yanga. Mawailesi akufa anaunjikana mpaka kudenga, ma TV amimba aja, zoulutsira mawu zong'ambika. Pakati pake panakhala mayi waimvi, magalasi ali pamphuno, chowotcherera chikufuka m'dzanja. Ndinayamba kufotokoza kuti ndine yani. Ndisanafike pa dziko lachitatu anandidula.

"Achimwene, mathirakiwo mwaimika panja, asiyeni panja pomwepo. Bokosi ndi la ndani?"

"Langa," anatero Mzime.

"Ndiye ndiyankhula ndi mwini wake. Ukufuna kupanga chiyani, chemwali?"

"Sindikudziwa. Buku silikuwerengeka."

Mayi Mawaya analitenga bukulo n'kuliika pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera.

"Lapeza ntchito. Tsopano tandiuza, kwanu chimakutopetsa n'chiyani? Chimene umati ukachiganiza mtima umati fwaa."

Mzime sanachedwe. "Thanki ya madzi. Akayatsa pampu ndimakhala padzuwa kudikira kuti idzaze. Ndikangochokapo pang'ono imasefukira pakhoma la aneba, ndiye kukalipidwa ndine."

"Eyaa! Buku lako ndi limenelo. Thankiyo izikuitana yokha."

Anang'amba chikatoni cha sopo n'kujambulapo ndi pensulo. Mawaya awiri osenda kunsonga alendewere m'thanki, kufupi ndi kukamwa, osakhudzana. Madzi akakwera n'kuwakhudza onse awiri, timagetsi tochepa kwambiri tiwoloka. Timeneto tidzutsa thiranzisita, kanthu kakuda kamiyendo itatu kamene kamagwira ntchito ngati mlonda wa pageti, ndipo iyo itsegulira magetsi a batire kuti alize kabelu. Maso a Mzime anayamba kuwala. Ine ndinatulutsa chikwama.

"Tiyezereni zonse, mayi. Kilogalamu imodzi!"

"Pano sitigulitsa," anatero. "Pano timakolola. Munda ndi uwo." Analoza mulu wa mawailesi. "Umasula wekha, uzula wekha ndi chowotcherera. Chimene watenga, udzabweza ziwiri, zamoyo. Ndalama zanuzo sindingaziwotcherere pa wailesi ya munthu."

Ine, mwini mathiraki asanu, ndinakhala pa chidebe chovundikira, wailesi yakufa pamiyendo, ndikugwirizira mwana wanga akuzula. Mayi Mawaya anamuphunzitsa kukhudzitsa nsonga yotentha pa mtovu, kuwerenga mpaka katatu, n'kukoka mwendo ndi kapulayala. Koyamba anadzitentha chala. Sanalire, anangochiyamwa n'kupitiriza. Tinachoka ndi mathiranzisita atatu, imodzi yogwiritsa ntchito ndi ziwiri zapadera, timarezisita tamizeremizere toletsa magetsi kuchuluka, ndi kabelu kochotsa mu wotchi yakale yodzutsa anthu.

Masana omwewo, patebulo lodyera, Mzime analowetsa miyendo m'zibowo akutsatira chikatoni, lilime lili panja. Analumikiza kabatire kakang'ono kangodya zinayi kaja. Anaviika mawaya awiri m'kapu ya madzi.

Tiiii!

"Amayi! Amayi, bwerani! Yalira!" Anatulutsa mawaya, zii. Anaviikanso, tiiii! Anaviika mu tiyi wanga, yalira. Anakhudzitsa mawayawo palilime la mchimwene wake wamkulu amene anabwera kudzacheza, yaliranso, nyumba yonse phwete. Kenako anatembenuka n'kundikumbatira m'khosi. Zimenezo anali atasiya kalekale.

Ndikanangosiyira pomwepo. Koma ine ndi munthu wa pamsewu, ndipo pamsewu chinthu chikamalira motsika ndiye kuti chikuchepa mphamvu. Kabelu kaja kankalira ngati udzudzu. Angakamve ndani ali m'nyumba, pampu ikubangula panja?

Lamulungu m'mawa, Mzime ndi mayi ake atapita kumsika, ndinaganiza zomudabwitsa. Ndinapita pa thiraki, ndinamasula hutala yapadera imene ndimasunga kuseri kwa mpando, ndinatsitsa mabatire awiri akuluakulu. Ndinazula kabelu, ndinaikapo hutala. Ndinachotsa kabatire ka ana, ndinalumikiza anga. Ndinaviika mawaya m'kapu.

Phwa! Kautsi.

Thiranzisita yapsa. Ndinati mwina inali yofooka kale. Ndinaikapo yachiwiri. Phwa! Yachitatu ndinaipempherera kaye. Imeneyo inachita kung'ambika pakati, kachidutswa n'kugwera mu shuga.

Mzime anamva fungo ali pakhomo. Anayang'ana mabatire, anayang'ana hutala, anayang'ana timitembo titatu patebulo.

"Adadi, mwatani?"

"Mwana wanga, ndimafuna izilira ngati..."

"Inali kulira kale."

Sanakuwe. Akanakuwa zikanakhala bwino. Anayamba kulongedza mawaya m'bokosi mmodzimmodzi, ndipo ndinadziwa kumene bokosilo likupita. Ndinagwira chivindikiro.

"Ndalakwa ndine. Dzikoli ndi lako, ine ndalowamo popanda chiphaso. Ndipatse mpaka dzuwa lipendeke."

"Lero Lamulungu, adadi. Shopu njotseka."

"Shopu njotseka, koma mwini wake sanamutsekere m'katimo. Vala nsapato."

Apa ndiye munaona ntchito yanga! Womata matayala kunalibe. Mlonda wa kudepoti anati mayiyo amakwera basi yolowera kumtunda. Kondakitala wa kumtundako anati, "Amagalasi aja? Amene amalipira ndi kundikonzera sipika? Amatsikira pa chigayo." Wapachigayo analoza njira zitatu nthawi imodzi. Mzime anati tibwerere. Ine ndinamuuza kuti ayang'ane madenga. Nyumba ya msodzi imanunkha nsomba, ya wokonza mawailesi ingalephere kudzionetsa? Tinayenda mizere iwiri ya nyumba, wachitatu Mzime anakuwa, "Adadi, iyo!" Padenga panali mapolo asanu okokera mawu a wailesi, ena opangidwa ndi mahang'ala a zovala.

Mayi Mawaya tinawapeza akuchapa kuseri, thovu mpaka m'zigongono. Ndinatambasula dzanja kuwaonetsa mitembo ija. Anaseka mpaka magalasi anagwera m'beseni.

"Hutala ya thiraki! Pa kamwana aka! Achimwene, mungasenzetse nyerere thumba la simenti?"

"Ayi, mayi."

"Kameneka ntchito yake n'kuitana, osati kusenza. Kaziitana wamkulu, wamkuluyo ndiye asenze. Pamafunika swichi imene imatsekedwa ndi magetsi ochepa, n'kudutsitsa ochuluka."

Ndinalumpha ngati ndaponda khala lamoto. "Rileyi! Mukunena rileyi! Mayi, imeneyo ndi mbale wanga! Hutala iliyonse ya thiraki imalira kudzera pa rileyi. Ndinasinthapo rileyi m'chipululu, mchenga uli m'mano! Ndili nazo zinayi m'thiraki!"

"Ndiye munazisiyiranji?"



Anapukuta manja, analowa m'nyumba, anatuluka ndi kachitini ka mafuta odzola. Munali mathiranzisita awiri, ina yaing'ono, ina yonenepa ya kamsana kachitsulo. Anawonjezera pa chikatoni chija: yaing'ono idzutse yonenepa, yonenepa idzutse rileyi, rileyi ilize hutala. Batire limodzi lokha, osati awiri. Anaponyeramo kanthu kena kotetezera yonenepayo n'kunena kuti imeneyo ndi mphatso ya Lamulungu.

"Koma awa ndawachotsa m'chitini changa cha pamavuto," anatero akundiloza ndi chala chonyowa. "Atatu a dzulo, awiri a lero. Masamu mukuwadziwa: mubweza khumi. Ndipo ngongoleyi si ya mwana, ndi yanu."

Kunyumba tinagawana ntchito. Mzime anatenga kathabwa, ndipo anandiletsa kukhudza chilichonse chamiyendo itatu. Ine ndinatenga rileyi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamuphunzitsa chinthu chimene ndimachidziwadi: mapini awiri awa ndi oitanira, awiri awa ndi osenzera. Anamvetsera, anafunsa, ananditsutsa pamodzi, ndipo anali wolondola. Ndinakwera makwerero kukalendeweretsa mawaya m'thanki, iye akundilamula ali pansi: "Tsitsani pang'ono, adadi! Mwapyola! Kwezani!"

Anayatsa pampu. Tinakhala pakhonde tonse, mayi ake manja ali m'chiuno. Mphindi khumi. Makumi awiri. Ine thukuta kamukamu.

PHWAAAAA!

Galu wa aneba analumpha mpanda. Nkhunda zinathawa padenga. Akazi anga anagwetsa beseni. Aneba anatuluka sopo ali kumaso akufunsa kuti thiraki yagunda nyumba ya ndani. Mzime anathamanga kukazimitsa pampu, khoma la aneba lili gwa, louma, ndipo anabwerera akuvina, akukuwa kuti, "Yandiitana! Thanki yandiitana!" Ine ndinamunyamula m'mwamba ngati wakhanda, msana n'kulira, koma ndani amasamala za msana?

Hutala itakhala chete, Mzime anang'amba tsamba m'kope lake n'kulemba. Anandipatsa.

"Izi mukandipezere ku ulendo. Tinyali tofiira khumi, kanthu kamene kamamva kuwala, ndi mota yaing'ono. Ndikufuna geti lizidziwa kuti mwafika. Ndipo adadi, musakanenerere mtengo."

Tsambalo ndinaliika m'thumba la pasipoti.

Panatsala ngongole. Ndinalowa m'sitolo yanga ya kuseri, mmene muli zonse zimene ndinagula motchipa m'maiko a eni: mawailesi atatu amene anaimba sabata imodzi, ndi chisipika chimene chinafa tsiku la ukwati wa mlamu wanga. Chowotcherera tinabwereka kwa aneba omwe aja, mtima wawo utatsika. Mzime anafuna kundithandiza, ndinakana. Ndinazula ndekha, ndikuwerenga mpaka katatu, ndipo ndinadzitentha zala zinayi.

Lolemba m'mawa ndinaimika thiraki kuseri kwa depoti, injini ikulira, Mzime ali pampando wa kondakitala atavala yunifolomu ya sukulu. Ndinakhuthula envelopu patebulo la Mayi Mawaya. Munali mathiranzisita khumi ndi awiri. Anakoka mita yawo yoyezera, n'kuyamba kugwira miyendo imodziimodzi, osafulumira ngakhale pang'ono, ngati kuti kulibe malire a dziko amene akundidikira.

"Iyi mwaiphika, achimwene." Anaiponya m'chitini cha zinyalala. "Iyinso. Dzanja lanu n'lolemera."

 Anayeza yotsiriza, singano inagwedezeka. Anasesera otsalawo m'kachitini kawo ka pamavuto n'kutseka.

"Khumi," anatero. "Amoyo. Mwamasuka, kazipitani."