Sukulu Ikusamukira Kutsidya

Aphunzitsi a Blasius Chande anali akukhoma pepala pachitseko cha tchalitchi pamene akazi awo, a Scholastica, ankadutsa ndi mtolo wa chinangwa pamutu. Anaima, natula mtolowo, n'kumawayang'ana amuna awo.

"Bambo a Ida, chitsekocho chalakwanji?"

"Ndi chidziwitso ichi, chachokera kumishoni," anayankha a Blasius, msomali wina uli kukamwa. "Sukulu yathu ikuphatikizidwa ndi ya kutsidya kwa mtsinje. Pakatha masabata awiri wansembe abwera kudzaona. Akapeza kuti ana ochokera kuno sakukwana makumi atatu, ndiye kuti mphunzitsi wachiwiri safunika. Ine ntchito yatha."

"Nanga awerenge ndani? Mudzi wonse uno odziwa kuwerenga ndinu ndi ana anu asukuluwo. Kapena mwalembera mbuzi? Izo ndiye sizijomba pano."

"Lamlungu ndilengezanso. Ndiitana abambo onse."

A Scholastica anangosenza chinangwa chawo, napitiriza ulendo. Paja aphunzitsi akavala chipewa chawo cha khaki samva za munthu.

Mudziwe kuti a Blasius sanali a kuno kwa Chikweo. Anakulira kumishoni cha ku Balaka, makolo awo atamwalira iwo ali aang'ono, ndiye moyo wawo wonse unali wa belu ndi pepala. Kuno anabwera ndi ntchito, n'kukwatira, n'kukhala mkamwini ngati amuna ena onse. Munthu wabwino ndithu, wosamwa, wosamenya mkazi. Kungoti iwo ankaganiza kuti chinthu chikalembedwa ndiye kuti chamveka.

Lamlungu mapemphero atatha, anasonkhanitsa abambo pansi pa mtengo wa mango nawawerengera kalata ija kawiri konse. Abambowo ankangogwedeza mitu.

"Zabwino zimenezo, aphunzitsi."

"Palibe chovuta, aphunzitsi."

A Blasius anafika kunyumba akuimba mluzu. Koma Lolemba m'mawa belu litalira, pa ana makumi anayi a pasukulupo panabwera asanu ndi mmodzi, ndipo mmodzi mwa iwo anali Ida, mwana wawo yemwe. Lachiwiri anabwera anayi.

A Scholastica anakaimva nkhani kuchitsime, kwa a Bernadetta. Amayi amenewa nkhani iliyonse ya m'mudzi imayamba yagona kwawo isanapite kwina.

"Anthu akuti pepala lija ndi la mayina a ana," anatero a Bernadetta akutsuka mtsuko. "Ati akawakweza sitima pa Nkaya kukalima fodya ku Halale. Si mukudziwa masiku ano, ndi za Chitaganya zikunenedwazi, aliyense mtima uli m'mwamba."

"Bodza limenelo, achemwali. Mulibe dzina la munthu m'pepala muja."

"Ine ndikudziwa kuti ndi bodza, ndangolipeza panjira. Nkhani yeniyeni ndi achimwene anga a Japhet. Akuti, ana khumi ndi mmodzi a mbumba yanga awoloke mtsinje tsiku ndi tsiku, ine ndimvere kwa alamu? Nanga amuna athu aja amavomera chiyani pamango paja? Wanga uja ngakhale nkhuku ya pakhomo sangaiphe osafunsa."

Madzulo a Scholastica anapeza amuna awo ali khale pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Bambo a Ida, munaitana alendo, eni ana munawasiya. Kuno mwana ndi wa atsibweni ake, achimwene a mayi. Abambo aja anavomera chifukwa cha ulemu basi. Kuvomera kwawo kunathera pomwepo pamango."

"Malamulo a kumishoni amati tiziuza makolo."

"Ndiye kauzeni makolowo. Alipo asanu ndi anayi eni mbumba, ndipo atatu ndi Asilamu, kutchalitchi saponda. Amenewo amva zanuzi kuchokera kwa a Bernadetta, mukuganiza kuti zafika zili bwanji?"

A Blasius anaganiza pang'ono, kenaka nkhope inawala. "Chabwino. Ndilemba makalata asanu ndi anayi, aliyense yake. Ndikagawa panjinga mawa lomweli."

A Scholastica anaseka mpaka kugwira mzati wa khonde. "Pepala lofika pakhomo la munthu kuno ndi la msonkho kapena la mlandu. Akakuonani panjinga muli ndi mapepala, mukapeza amuna onse athawira m'chinangwa. Njinga musiye. Chipewa musiye. Mupite ndi miyendo, mukakhale pansi, muyambire kwa a Japhet poti ndiwo aakulu. Mukayambira kwina ndiye mwaiononga kachiwiri."

"Ine mphunzitsi wa satifiketi ndizikagwada khomo ndi khomo?"

"Iyayi, musagwade. Satifiketiyo tidzaikazinga pamodzi ndi mtedza mwezi wamawa."

Lachitatu ataweruka, anthu anaona a Blasius akutsika njira ya kudambo wapansi, mutu uli pamtunda, dazi likuwala. Ambiri kanali koyamba kudziwa kuti aphunzitsi ali ndi dazi.

Anapeza a Japhet akuluka mono wogwirira nsomba pansi pa nkhokwe. Zonse zimene zinanenedwa pamenepo zinamveka bwino, chifukwa a Bernadetta anali kuseri kwa nkhokweyo, ati akufuna dzira la nkhuku yawo.

"Odi, bambo."

"Eee. Mwasochera, aphunzitsi? Tchalitchi chili uko."

Mpando unalipo pakhonde, koma palibe anautchula. A Blasius anayang'ana thalauzi lawo loyera, kenaka anakhala padothi, naomba m'manja.

"Ndabwera kwa inu, bambo. Nkhani ya ana ndinaiyambira kolakwika."

A Japhet anapitiriza kuluka. Anafunsa za kunyumba, za chifuwa cha apongozi a aphunzitsi, za mvula ngati ibwere msanga chaka chino. Dzuwa linapendeka ndithu asanafike pankhani. A Blasius anafotokoza zonse, za sukulu ya njerwa ya kutsidya, za wansembe, ngakhale za ntchito yawo sanabise.

"Ndamva," anatero a Japhet. "Tsono mtsinje uja mu Januwale munauonapo?"

"Ndinauonapo."

"Munauona muli pamtunda. Ine ndinalowamo, kufunafuna mwana wa mchemwali wanga wamkulu. Tinamupeza tsiku lachitatu m'bango. Kalata yanuyo ikuti chiyani za mtsinje?"

A Blasius anaweramitsa mutu. "Sikunena kanthu, bambo. Ndipo ine sindinaganizeko."

"Wolemba kalatayo amazungulira kumlatho wa boma panjinga yamoto. Ana alibe njinga yamoto." A Japhet anaika mono pambali. "Kumunda kwanga m'mbali mwa mtsinje kuli mibawa iwiri yaitali. Ikagwa bwino ifika tsidya lina. Koma sindingadule ndekha, ndipo sindingayankhire mbumba za eni. Kawafunseni nokha. Musakanene kuti a Japhet avomera, mukangofunsa monga mwandifunsira ine."

Ndiye anayenda aphunzitsi. Tsiku lililonse akaweruka, ulendo. Kwina ankadikira mwini khomo abwere kunyanja, kwina ankapatsidwa thobwa lowawasa n'kumwa lonse osakwinya nkhope. Kwa Asilamu kuja anafunsidwa mafunso ambiri, makamaka ngati ana awo akawoloka sakabatizidwa mokakamiza. A Blasius anayankha zimene ankadziwa, ndipo zimene sankadziwa ankanena kuti sakudziwa. Mwini mbumba wina anakana kwamtuwagalu, ati ana atatu a mbumba yake azikusa mbuzi basi. A Blasius anabwererako kawiri, koma sizinatheke. Nsapato zinawatupitsa mapazi mpaka tsiku lachinayi anayamba kuyenda atazikolowetsa pakhosi.

Za sitima ya pa Nkaya zija zinangozilala zokha. A Bernadetta ankauza aliyense kuti iwo sanazikhulupirire n'komwe.

Loweruka lomaliza amuna anasonkhana kumtsinje ndi nkhwangwa. Mibawa inagwa, anaiyalira timitengo, namanga ndi luzi, n'kuikanso nsungwi yogwirira m'mbali. A Japhet anadutsapo katatu akudumpha dala, kenaka anati ulalo uli bwino.

Lamlungu masana a Blasius anali pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, akutchula mayina a ana amene eni ake anavomera.

"Makumi atatu ndi mmodzi," anatero akumwetulira. "Kuphatikizapo Ida, makumi atatu ndi awiri."

A Scholastica anasiya kupeta mpunga. "Ida? Mwamupempha kwa yani?"

"Kupempha? Ida ndi mwana wanga."

"Ndi mwana wanu, palibe akukana. Koma atsibweni ake ndi a Wadson."

A Wadson anali mlongo wake wa a Scholastica, wamng'ono kwa iwo, wokonza njinga. Nyumba yawo inali pomwepo kuseri kwa khola la nkhunda. Choipa n'chakuti a Wadson anaphunzirapo kwa a Blasius omwewo, ndipo anasiya sukulu atakwapulidwa chifukwa cholephera samu.

"Wadson amene uja?"

"A Wadson. Ndipo mukafika musakaiwale 'a' ameneyo."

Aphunzitsi anatulutsa mapazi m'beseni muja, napukuta ndi kansanza, nanyamuka opanda nsapato.

A Wadson anali akumata chubu cha njinga. Ataona alamu awo akukhala padothi ndi kuomba m'manja, sanaseke ayi, ngakhale milomo inkanjenjemera.

"Ndimati mwina pakhomo panga pali minga, alamu. Sabata yonse mwakhala mukudutsa apa kupita kwa eni."

"Ndinalakwa, alamu. Ndabwera kudzapempha kuti Ida aziwoloka kupita kusukulu."

A Wadson anapopa chubu chija, nachiviika m'madzi, nachitembenuza pang'onopang'ono kuyang'ana ngati chikutuluka mpweya. Anachita zimenezi kawiri, aphunzitsi ali chidikirire.

"Awoloka," anatero pomaliza. "Mwana uja mutu wake umagwira samu, sali ngati atsibweni ake. Koma mawa pa ulalo paja ndimugwira dzanja ndine."

Lolemba m'mawa wansembe anaima pakhomo la sukulu ya njerwa, naona ana akuwoloka mmodzimmodzi, amuna akuluakulu ataima tsidya lino ndi tsidya lija kuwalandira. Anawerenga mpaka makumi atatu ndi mmodzi, natembenukira kwa a Blasius kuwauza kuti atenge kalasi ya ang'onoang'ono. A Blasius anavomera, koma maso anali kumtsinje. Anadikira mpaka a Wadson atafika ndi Ida n'kumupereka m'manja mwawo, ndipo pamenepo m'pamene analowa kukayamba ntchito.