Mpata wa Bambo Pakhoma

"Kweza bwino iwe Marlys, ukundikhulitsa chibwano pamakwerero," anatero bambo anga.

Ankanena chithunzi chawo chopentedwa chimene ndinanyamula, cholemera ngati chitseko. Eniakewo ankabwera m'mbuyo ndi ndodo yawo, akupumira m'mwamba, ine chipale chofewa chikundilowa m'nsapato. Tinkakwera kunyumba ya malamulo ya chigawo chathu, ulendo umene tinkayenda Januwale aliyense, ndipo kunena zoona unali utandifika m'khosi.

Nkhani yake inayamba ndili kamtsikana. Bwanamkubwa wathu, a Brandvold, atasankhidwa kupita ku Washington anatula pansi udindo nthawi yawo isanathe. Wachiwiri wawo anali atamwalira, ndipo a Mulcahy, amene anapambana chisankho, tsiku lawo lolumbira linali lisanakwane. Mpando sukhala wopanda munthu, choncho unagwera bambo, amene ankatsogolera aphungu. Anaika dzanja pa Baibulo, n'kulamulira sabata yosakwana n'komwe. Kunyumba ya bwanamkubwa sitinasamukireko. Mayi anati sangapakire mapoto awo chifukwa cha ulemerero wa masiku owerengeka.

M'nyumba ya malamuloyo muli khoma lalitali pamene amapachikapo zithunzi za abwanamkubwa onse, aliyense ndi nambala yake, kuyambira a ndevu zofika pachifuwa aja. A Brandvold alipo, a Mulcahy alipo. Arlen Tvedt, bambo anga, palibe. Moyo wawo wonse wotsala unathera pa kupempha msomali umodzi. Chaka chimenecho dokotala anali atandikokera pambali n'kundiuza kuti mtima wawo sufika nawo kutali.

Mayi Novotny, wapampando wa komiti yoona za mbiri, anatilandira ndi khofi ndi ulemu wonse. Ulemu umenewo ndi umene unkanditopetsa kwambiri.

"A Tvedt, palibe akukana kuti munalumbira," anatero. "Koma munali ogwirizira chabe. Tikakulowetsani pamzerepo, onse obwera pambuyo panu manambala awo asintha. Ena anazokotedwa kale pamanda."

"Sabata imene ija kunagwa chipale chokwirira nyumba," anayankha bambo. "Ng'ombe za anthu zikufa ndi njala, anatumiza asilikali ndi udzu ndani? Nambala?"

"Zimenezo tikuzidziwa, ndipo tikuthokoza."

"Kuthokoza ndinalandira kale, mayi. Ndikufuna khoma."

Mayiwo anayang'ana anzawo a m'komitiyo, anzawowo anayang'ana makapu awo.

"Tidzaiunikanso chaka chamawa."

Bambo anagwedeza mutu ngati auzidwa zanzeru. Ine ndinangonyamula chithunzi chija, poti chaka chamawacho ndinkadziwa kuti sichinali chawo.

Titatuluka m'chipindamo, mtima unandiphulikira pakhonde lomwelo.

"Ababa, ine basi, ndagwa nayo. Ndakalambira pamakwerero amenewa. Chithunzichi ndikachipachika pabalaza kwanga, aliyense wobwera azikuonani."

"Pabalaza pako pali agalu ndi zidzukulu," anatero. "Ine ndinali bwanamkubwa."

"Wa sabata imodzi."

Mawuwo atangotuluka ndinalakalaka nditawameza. Bambo sanakalipe. Anandiyang'ana ndi maso aja a munthu amene wamva zomwezo kwa anthu ambiri, kungoti sankayembekeza kuzimva kwa mwana wake. Ndinachita manyazi, ndipo ndinawasiya pabenchi n'kuthawira kunja ndi chithunzicho, ati kukasendeza galimoto pafupi ndi khomo. M'galimotomo ndinakhala kanthawi nditatsamira chiwongolero, osalira, kutopa kokhakokha.

Pobwerera sindinawapeze pabenchi pamene ndinawasiya. Ndinawaona chapatali, kukhoma lija. Ndodo anali ataigoneka pansi. Anaima chilili msana utagunda khoma, pakati pa a Brandvold ndi a Mulcahy, pamene mpata wake sukwana n'chikhatho chomwe, moti mapewa awo anaphimba mbali ya chithunzi uku ndi uku. Jekete anali atamanga mabatani onse, tayi atawongola, chibwano m'mwamba. Nkhope inali phee.

Ndisanawafike, panatulukira mphunzitsi wachitsikana ndi gulu la ana asukulu. Ankayenda motsatira khomalo, iye akuloza, anawo akutchula maina onse pamodzi ngati nyimbo. Anatchula a Brandvold, kenako mzere wonse unaima.

Mphunzitsiyo anamwetulira mokoma mtima, n'kuwatolera ndodo ija.

"Pepani agogo, tasunthani pang'ono. Mukutchinga abwanamkubwa."

Bambo analandira ndodoyo ndi manja awiri, nanena kuti zikomo. Anasuntha pang'onopang'ono, ndipo ana aja anapitiriza ndi a Mulcahy.