Makina Alibe Mlandu

Che Wadi anatembenuza kansalu koyesera msoko n'kukaika m'manja mwa mnzawo.

"Taonani nokha, achimwene. Pamwamba msoko uli bwinobwino, koma kunsiku ulusi wapiringizika ngati ukonde wokodwa m'miyala. Makinawa akalamba."

A Simioni anali atangotsika kumene panjinga, malaya atanyowa ndi thukuta. Anapalasa kuchokera ku Nkopola m'mawa womwewo atalandira foni ya mayi Amida, mkazi wa Che Wadi. Ntchito yawo inali yokonza injini za maboti, koma makina osokera a mnzawoyo ankawakonza ndi iwo kuyambira onse awiri ali anyamata.

"Makina ali ngati mkazi, Che Wadi. Mukasiya kuwanyengerera amanyanyala. Mafuta munawathira liti?"

"Mafuta ndimathira. Musandiphunzitse ntchito. Galu wamkota sakandira pachabe, ndikati afa ndiye kuti afa."

Makinawo anali akuda, opondera ndi mapazi, maluwa ake agolide atafufutika pamalo pogwira dzanja. Che Wadi anasokera pa iwo zaka zambiri pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Mangochi, mpaka chaka chatha pamene mayi Amida anawanyengerera kuti azisokera pakhomo, ku Mpondasi. Tsopano pampando wapambali panali nsalu yoyera yonyezimira, yodulidwa kale. Linali diresi la ukwati wa mwana wawo, Hidaya, ndipo ukwatiwo unali Loweruka la sabata yotsatira. Mkono umodzi wa diresilo unali utadzaza timabowo ta singano chifukwa chosoka ndi kuphwasula.

A Simioni anakhala pampando wa telala. Anayamba ndi kunsi. Anatulutsa shatulo, kachitsulo kosunga bobini ya ulusi wapansi, anaiuzira, anailendewetsa pa ulusi wake kuti aone ngati bobini ikumasuka moyenera. Inali bwino. Anayang'ana singano padzuwa. Inali yowongoka, yolowetsedwa bwino. Lamba anali wolimba. Kenaka anatsata ulusi wapamwamba ndi chala, ndipo chalacho chinaima.

Kutsogolo kwa makina kuli timbale tiwiri tachitsulo timene timafinya ulusi kuti usayende motayirira. Ulusi sunadutse pakati pa timbaleto. Unangolambalala kunja, unadumphanso kamkono kaja kokwera ndi kutsika, n'kulunjika kusingano. Chopotokolera chake chinali chitamangidwa mpaka pomaliza, ngati munthu analimbana nacho tsiku lonse.

A Simioni anakweza maso. Mnzawoyo anali chiimire, tepi ili m'khosi, akudikira chigamulo. Munthu ameneyu kale ankalowetsa ulusi uku akukangana ndi anthu za mpira, osayang'anako n'komwe.

"Mwapeza chiyani?"

"Fumbi," anatero a Simioni. "M'shatulo munali fumbi."

Anadutsitsa ulusi m'njira yake mwakachetechete, anamasula chopotokolera, n'kusoka kansalu kena. Msoko unatuluka wosalala mbali zonse ziwiri. Che Wadi anaukanda ndi chikhadabo, n'kumwetulira.

"Mwaona? Ndinanena ine kuti alipo chimene akudwala. Tachokanipo, asodzi inu, mungandinunkhitsire usipa pansalu ya mwana."

Che Wadi atakhala, mapazi awo anagwira chopondera monga kale, ndipo makina anayamba kulira mokoma.

Mayi Amida anaitanira mlendoyo kuseri kwa nyumba, kumene anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Anathira tiyi n'kuwasendezera mbale ya vitumbuwa.

"Alamu," anatero a Simioni motsitsa mawu, "makina aja alibe mlandu."

"Ndikudziwa."

"Nanga munandiitaniranji?"

"Ndimafuna wina aone. Ndatopa kuona ndekha." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Zinayamba ndi mayina a makasitomala. Kenaka anadula thalauza la munthu kawiri mwendo umodzi, n'chifukwa chake ndinawachotsa kumsika kuja anthu asanayambe kuwaseka. Mwezi wa Ramadhani anatuluka mumzikiti n'kulowera kumlatho, anawabweza ndi a kabaza. Kuchipatala anati ndi matenda oiwala, obwera ndi ukalamba, ndipo sabwerera m'mbuyo. Pano pamudzi sindinauze munthu. Mukudziwa pakamwa pa anthu, mawa adzati ndawadyetsa mankhwala."

"Nanga Hidaya?"

"Ali ku Zomba kuntchito, akufika lero. Pafoni amalankhula naye bwinobwino. Ndimati ukwati udutse kaye, mwana asalowe m'banja ndi misozi. Nsaluyo ndikufuna ndiibe mawa ndikapereke kwa Subira, telala wa kumsika uja, iwo ndiwaikire zigamba azisewera nazo. Koma diresi limeneli anamulonjeza mwanayo ali wamng'ono. Chinthu chokhacho ndicho sakuiwala."

A Simioni anayang'ana tiyi wawo, osamumwa.

"Mutu umodzi susenza denga, alamu. Mwanayo ndi wamkulu, muuzeni."

Ali chilankhulire, kulira kwa makina kunasintha. Kunamveka kukhotchola, kenaka zii. Onse awiri ananyamuka.

Anapeza Che Wadi atachotsa ulusi wakuda umene a Simioni anayesera makina n'kuika woyera. Chidutswa cha kutsogolo kwa diresi chinali chitakanirira pansi pa singano, chitakwinyika, ndipo iwo ankachikoka ndi manja awiri. Ulusi unali utalambalalanso timbale tija. Atamva mapazi anacheuka, nkhope yawo n'kuwala.

"Achimwene a Simioni, mwafika liti? Mwachita bwino, ndimati ndikutumireni uthenga. Makinawa akalamba. Taonani kunsiku."

A Simioni anayandikira makinawo.

"Ndangofika kumene," anatero. "Tasunthani ndione."

Anadula ulusi wopiringizikawo ndi lezala pang'onopang'ono kuti nsalu isang'ambike. Akugwira ntchitoyo, njinga ya kabaza inaima pamsewu. Panatsika mtsikana wovala mpango wobiriwira, chikwama chili paphewa. Anali Hidaya. Anathamangira pakhonde n'kugwada pafupi ndi bambo ake.

"Asalaam aleikum."

"Waaleikum salaam, mayi," anayankha Che Wadi mwaulemu, akukonza tepi m'khosi. "Khalani pampandopo. Mwabwera ndi nsalu?"

Hidaya anaseka. Bambo ake anali munthu wa nthabwala kuyambira kale.

"Nsalu ndinatumiza kalekale, atelala. Kapena mwagulitsa?"

"Ayi, ine sindigulitsa nsalu za anthu. Koma mundikhululukire, sabata ino sindilandira ntchito. Ndikusoka diresi la mwana wanga. Akukwatiwa. Dzina lake Hidaya, amagwira ntchito ku Zomba. Kapena mumamudziwa?"

Kuseka kuja kunatsalira pamilomo pokha. Hidaya anayang'ana m'maso mwa bambo ake kufuna nthabwala ija, koma anangopezamo ulemu umene munthu amapatsa mlendo. Anatembenukira kwa mayi ake. Mayi Amida anali atatsamira chitseko, mpango uli kukamwa. A Simioni anaweramira pamakina.

"Amama?"

Mayi Amida anamugwira dzanja n'kulowa naye m'nyumba. Pakhonde pankangomveka mawu apansipansi, kenaka kulira kotsekedwa ndi pilo. Che Wadi anatchera khutu.

"Mayi aja ali ndi mavuto," anatero. "Mwina amuna awo."

"Mwina," anayankha a Simioni.

Patapita nthawi Hidaya anatuluka atasamba kumaso, maso ali ofiira. Mayi ake ankamutsatira akunong'ona kuti Subira angathe kumaliza diresilo msanga, nsalu isanaonongeke yonse.

"Ayi, amama. Nsalu sichoka pano." Anatembenukira kwa a Simioni. "Amalume, ndionetseni njira ya ulusi."

A Simioni anamuonetsa. Ukweze kaye kaphazi kopanira nsalu kuti timbale titseguke. Ulusi udutse pakati pake mpaka uumve kuti wagwidwa, ukwere pa kamkono, utsike kusingano. Chopotokolera asachikhudze aliyense. Ukaona zopiringizika kunsi, vuto lili pamwamba. Hidaya anayesa, analakwitsa, anayesanso. Kachitatu anakhoza.

Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bambo ake, phewa kukhudza phewa.

"Atelala, ndilibe kopita lero. Mundilole ndizikulowetserani ulusi, inu muzingosoka."

Che Wadi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Msinkhu wanu ndi wofanana ndi wa mwana wanga. Mungandithandize kuyesa likatha?"

"Ndidzayesa."

"Ndi mwana wabwino. Ali wamng'ono ankakhala pansi pa makina pano kutola tizidutswa, kusokera zidole zake. Tsopano ali kutali, ntchito yamuchuluka. Koma abwera."

"Abwera," anatero Hidaya.

A Simioni anatsanzika dzuwa litapendeka. Mayi Amida anawaperekeza mpaka pamsewu. Njinga sanaikwere. Anaikankha ndi manja mpaka nyumba itabisika.

Pakhonde makina anali kulira. Che Wadi ankaponda, Hidaya atagwira nsalu kumbuyo kwa singano kuti isakwinyike. Msoko unkatuluka wolimba, ngakhale penapake unkakhota. Atafika kumapeto, Che Wadi anaima n'kuona kadontho konyowa pansalu yoyerayo.

"Samalani, mayi. Nsalu iyi imasunga banga."

"Pepani, ababa."

Mawuwo sanawadabwitse. Ana onse a ku Mpondasi ankawaitana choncho. Anapukuta kadonthoko ndi chala chachikulu, n'kumupempha kuti awapatsire mkono winawo.