Nthambi za Danwell

Amuna awiri anainyamula njinga yamoto ngati mbuzi yakufa, wina kumutu wina kumiyendo, n'kuiponya m'galimoto la boma. Evelina ankangoyang'ana ali pakhonde, mpango wakuda uli kumutu. Mwamuna wake Danwell, mlangizi wa ziweto kwa Magodi, amene anafa atagwera ndi njingayo m'dzenje la pamsewu, anali atangoikidwa kumene. Ngakhale phulusa la pasiwa linali lisanasesedwe.

"Ndiye mwabwelela njinga basi?" anafunsa Manasseh, mkulu wake wa malemuyo.

"Ndi katundu wa boma, adada," anayankha mmodzi, akupukuta manja. "Ife ndise a ziweto. Za misewu zili ndi eni ake."

"Eni akewo ndawaona dzulo! Akuti dzenjelo inakumba ndi mvula, si iwo. Akuti chikwangwani anthu anaba kalekale, anakhomela mbaula. Akuti munthu woyenda bwino dzenje amaliona."

Munthu uja anangoti pepani, galimoto n'kunyamuka.

Manasseh anadzakhala pansi pafupi ndi Evelina, mawu atatsika.

"Mulamu, ng'ombe zolimila zija tigulitse. Ku Chipata kuli maloya. Magazi a mng'ono wanga boma liwayankhe."

"Nanga ana adzadya chiyani chaka chamawa, alamu? Munamvapo ndani anawina boma?"

"Ndiye angofa ngati galu wa pamsewu?"

Evelina ankadziwa kuti mlamu wake sakulakwa. Ankadziwanso kuti ng'ombezo zikapita, zapita.

Kutacha anauyamba yekha wapansi, kuti akaone malowo ndi maso ake. Anapeza msewu utadukiratu pakati, pomwe madzi anakokolola paipi yapansi. Dzenjelo linali lakuya kuposa munthu woimirira. Panalibe chikwangwani, panalibe ngakhale mwala wochenjeza. M'matope munkanyezimira timagalasi ta nyali ya njinga.

"Monire, amama," anatero mayi wina akutuluka m'chimanga, chikwanje chili m'manja. "Ndine Yunike, munda uwu ndi wanga. Ndinu akazi awo, eti?"

"Ndine."

Yunike anaika chikwanje pansi, nagwira dzanja la Evelina ndi manja onse awiri.

"Tsiku lija m'mawa anaima pompano. Anandipempha chikwanje ichi. Anadula nthambi zambili, kuika uku, kuzungulila kumtunda, kuikanso tsidya ilo. Anati, 'Amama, kumbuyoku kukubwela ana a sukulu pa njinga, angagwelemo.' Malaya onse anali matope, koma anachoka akuseka."

"Nanga nthambizo?"

"Masana inagwa mvula ija. Zonse zinapita ndi madzi. Pobwelela madzulo, msewu ndi dzenje zinali chimodzi, madzi okhaokha." Yunike analoza dzenjelo. "Ine ndiganiza anali kuyang'ana nthambi zawo, kuti aime."

Evelina anakhala pansi m'mphepete mwa dzenjelo. Misozi imene inakana kutuluka kumanda inabwera tsopano, yopanda phokoso. Anakhala choncho nthawi yaitali, Yunike ataima pambali pake.

Chapatali, cha ku Lundazi, kunamveka kulira kwa galimoto.

Evelina anadzuka, anamanga bwino chitenje, natola chikwanje chija. Anadula nthambi yaikulu ya msuku n'kuyamba kuikokera pakati pa msewu. Kum'mawa mitambo inali itayambanso kuda.