Yunifomu ya a Haskett

Callista anayamba kusamala a Haskett mu 1994. Mkuluyu anali adimiro wopuma, mmodzi wa akuluakulu a asilikali apanyanja a dziko la Amereka. Analowa usilikali ali kamnyamata ka kumunda kosadziwa n'kusambira komwe, anamenya nawo nkhondo ku Korea, analamulira zombo ku Vietnam, n'kudzathera ku Pentagon, likulu la asilikali a dzikolo, komwe anthu ankaimirira akangowaona pakhomo. Tsopano sitiroko inali itawapha mbali imodzi, mutu unkapita n'kumabwera, ndipo ankangokhala m'nyumba yosanja ku Arlington.

Sanali munthu wosavuta. Dzina la Callista sanalisunge, ankangoti "iwe". Phala likazizira ankalikankhira pansi. Koma tsiku limene mutu wabwerera ankatchula mayina a anyamata awo a m'zombo amene anamira panyanja, misozi ikutsika patsaya lakufalo, ndipo Callista ankasiya zochapa n'kukhala pansi kumvetsera.

Mwana wawo, a Kenny, anali ndi kampani ku Fairfax yofuna kugulitsa zipangizo kwa asilikali. Kwa bambo awo ankabwera mwa apo ndi apo, n'kungoima pakhomo la chipinda. Lachinayi lina anatulukira ndi akazi awo, a Lorraine, atanyamula yunifomu yoyera yochapitsa kumene.

"Mawa masana kampani ili ndi phwando kuhotelo," anatero a Kenny kwa Callista. "Mudzawaveke iyi, ndi mamendulo onse."

"Bwana, akutsegula m'mimba chiyambire Lolemba. Adokotala anati asayende."

"Ndi kanthawi kochepa. Alendo akufuna kugwira dzanja la adimiro."

M'mawa mwake yunifomu inawakhuthukira, poti thupi linali litatha. A Lorraine anaimanga ndi mapini kumsana, n'kuwapaka paudala wofiirira m'masaya. Callista anayang'ana kumbali. Zoterezi ankazidziwa kuti amachitira mtembo.

Kuhotelo anaika njinga yawo ya olumala pansi pa chikwangwani cha kampani. Amuna a masuti anandanda, aliyense n'kumanyamula dzanja lakufa lija, kumwetulira wojambula, n'kulisiya kuti ligwe lokha. Kenako a Kenny anatenga maikolofoni.

"M'mawa uno bambo anga andiuza kuti zipangizo zathu zikanakhalapo kale, anyamata awo sakanamira."

Anthu anawomba m'manja. Callista anali nawo mkuluyo chidzukire, ndipo mawu okha amene anatuluka pakamwa pawo anali opempha madzi.

Posakhalitsa fungo linamveka. Banga lachikasu linayamba kufalikira pa thalauza loyera. A Haskett anatembenuza maso kufunafuna Callista, ndipo iye anaona kuti mutu wabwerera, akudziwa zonse.

"Iwe," ananong'ona, "ndichotse pano."

A Lorraine anafika liwiro, anawapopera perefyumu, n'kuwafunditsa nsalu ya patebulo pamiyendo.

"Musawasunthe. Alendo ofunika kwenikweni sanajambulitse."

"Mayi, adziipitsira. Khungu lawo silichedwa kuchita zilonda."

"Akhoza kudikira. Ndinu wolipidwa, chitani zimene mwauzidwa."

Bambo wina wonenepa anawerama, atabanika mpweya koma mano ali panja, anagwedeza dzanja la adimiro, n'kubwerera kukatola nyama m'mbale ndi zala zomwezo. Perefyumu ndi chimbudzi zinasakanikirana ndi fungo la nyama yootcha. Callista sanadikirenso. Anamasula mabuleki a njinga n'kuyamba kukankha.

A Kenny anamupeza pakhomo, nkhope ikumwetulirabe chifukwa cha alendo.

"Mukatuluka nawo pano, ntchito yatha."

"Ndamva, bwana. Ndipatseniko njira."

M'chimbudzi cha olumala anawavula yunifomu, mapini akumubaya zala, mamendulo akulira pa matailosi. Anawapukuta ndi mapepala onyowa mpaka anayera. A Haskett anamutukwana kuti madzi akuzizira, kenako anayamba kulira ngati mwana. Iye anawaveka zovala zina zimene anabwera nazo m'chikwama, ndipo yunifomuyo anaikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuisiya pomwepo.

Loweruka a kuofesi yolemba ntchito osamala odwala, yomwe inamutumiza kwa a Haskett, anaimba foni kuti asapitekonso. Mnzake Mwanahawa, yemwe ankaperekera zakudya paphwandolo, anamuuza kuti iwo atangotuluka kunabwera keke, ndipo palibe anafunsa kumene mkuluyo wapita.

Callista anapeza ntchito ina ku Woodbridge, yosamala mayi wina wakhungu. A Haskett anawapititsa kunyumba yosungira okalamba, ndipo anamwalira chisanu chisanathe. Anaikidwa mwaulemu wonse wa usilikali, ndi akavalo ndi mfuti. M'nyuzipepala munatuluka chithunzi cha a Kenny atakumbatira mbendera yopindidwa, nkhope ili nyowee ndi misozi. Callista anachiyang'ana pang'ono, malovu anadzaza m'kamwa, n'kupita kukalavula kusinki. Mayi wakhungu uja anali akuitana kuchipinda kuti nthawi yosamba yakwana.