Zimene Ankaona Pachipata

Mphunzitsi wina wopuma ntchito ankamuseka mkazi wake chifukwa cha kachitidwe kamodzi. Asanagule masheya a kampani iliyonse, mayiyo ankakaima pachipata cha fakitale nthawi yoweruka, n'kumayang'ana azimayi akutuluka. Kenako ankakwera nawo basi, n'kufika kunyumba atagamula kale: awa eya, awa ayi. Mphunzitsi ankati ndalama ilibe maso, bola iswane basi. Mayiyo ankayankha kuti ilibedi maso, koma mwini wake ali nawo.

Tsopano mayiyo anatisiya, ndipo ndalama zake zinatsala m'manja mwa wosekayo. Mlangizi wa kubanki, bambo wolankhula ngati wailesi, anamuuza kuti azichotse pomwe zili, aziike ku fakitale ina yosoka zovala, poti phindu lake n'losasimbika ndipo mwayi wotere sudikira munthu. Mphunzitsi ankaopa chinthu chimodzi chokha: kuika thukuta la mkazi wake pamalo pamene mwini wakeyo akanakana.

Ndiye anavala jekete n'kukaima pachipata cha fakitaleyo. Belu litalira azimayi anatuluka, ena akumasula mipango, ena akuthamangira basi. Anayang'ana mapazi awo, manja awo, nkhope zawo. Kodi malemu ankaona chiyani? Zala zotupa? Kapena ngati oyembekezera akadali pa ntchito? Zaka zonse zija sanafunseko, anali wotanganidwa ndi kuseka. Anapatsa moni mayi wina kuti amufunse za ntchito, koma mayiyo anakumbatira chikwama chake n'kuwonjezera liwiro. Nanga ndani angaululire bambo wachilendo zimene azimayi amanong'onezana m'basi? Apa anamusowa mkazi wake kuposa tsiku la maliro. Ankangofuna aime pambali pake, amugwire pachigongono, amuuze poyang'ana.

Msewu utayera, mlonda anamuyandikira.

"Bambo, mwaima nthawi yaitali. Mukudikira ndani?"

"Mayi akunyumba," anayankha asanaganize n'komwe.

Mlonda anasuzumira m'kati, n'kunena kuti onse atuluka, mwina aphonyana pachipata pomwepo.

"Tinaphonyanadi," anatero mphunzitsi, akumanga mabatani a jekete.

M'mawa mwake anakauza mlangizi kuti ndalamazo zikhale pomwe mwini wake anazisiya. Mlangizi anafunsa ngati wapeza cholakwika ku fakitaleko. Mphunzitsi anati sanapeze chilichonse, koma amene ankadziwa kuyang'ana kulibe.